Njinga ya m'tchire tingaiyendetse kuti kuno ku Lilongwe osapalamula?

Yamie49:
Akuluakulu, moni nonse. Munthu amene wangoyamba kumene ndi njinga yamoto ya m'tchire angakaiyendetse kuti kuno ku Lilongwe, osagwidwa ndi atrafiki komanso osayambana ndi eni malo? Ena akuti Dzalanyama, ena akuti paliponse pamene palibe mpanda. Ndikufuna malo enieni ndi poyambira pake.

A Phiri a ku Biwi:
Tisanafike ku malo, tiuzeni za njingayo, achimwene. Njinga za m'tchire zili pawiri ndipo malamulo ake safanana. Pali zimene zimabwera ndi nyali, maindiketa, hutala, magalasi ndi poika nambala, monga Honda XL125 ndi XR150L, Yamaha DT125, AG200 ndi XTZ125, zija amayendera alangizi ndi a mabungwe. Zimenezi zimalembetseka ku Road Traffic ndipo mutha kunyamuka nazo pakhomo mpaka kumudzi muli pamwamba. Ndiye pali za mpikisano wa motocross, monga YZ250F, CRF250R kapena KTM SX. Izi zilibe nyali, zilibe spidomita, tayala lakumbuyo ndi la mainchesi 19, thanki yake ndi ya malita 6 kapena 7 basi. Yotereyi siyenera kuponda msewu wa anthu onse. Imapita pa pikapu, imabweranso pa pikapu.

Yamie49:
Yanga ndi XR150L, nambala ili nayo koma COF, chiphaso chotsimikiza kuti njinga ili bwino kuyenda pamsewu, inatha. Laisensi ndili ndi ya galimoto. Mnzanga amene ndikufuna kumayenda naye ali ndi YZ yopanda pepala lililonse.

Mayi Nabanda:
Ndiye pali ziwiri zoti mukonze musanaganize n'komwe za tchire. Choyamba, lamulo la pamsewu, Road Traffic Act ya 1997, silisiyanitsa tala ndi fumbi. Msewu wafumbi wopita kumsika wa kumudzi, umene pamadutsa ngolo, akabaza ndi ana asukulu, ndi msewu wa anthu onse chimodzimodzi M1. Pamenepo njinga iyenera kukhala yolembetsedwa, ya nambala, COF yosatha, inshulansi ya third party yolipirira ena amene mungawavulaze kapena kuwaonongera katundu, ndipo wokwera avale chipewa. Chachiwiri, laisensi ya galimoto, Code B, sikulolani kuyendetsa njinga yamoto. Njinga zosapitirira 125cc zimafuna Code A1, zopitirira pamenepo Code A. XR150L ndi ya 149cc, choncho inu mukufunika Code A. Ambiri amapusitsika poti njingayo imaoneka yaing'ono. Pitani ku Road Traffic ndi Traffic Register Card yanu mukayambe ndi laisensi yophunzirira.

Kuipa kwa kuyenda opanda zimenezi si chindapusa cha pa rodibuloko chokha ayi. Mukagunda munthu mulibe laisensi yoyenera, a inshulansi ali ndi pokanira, ndipo chipepeso chonse chikhoza kutuluka m'thumba mwanu.

Chiko_XR:
Mapepala akakhala bwino, vuto la malo latha theka. Boma la Lilongwe ndi lodzala ndi misewu yafumbi yolumikiza misika, masukulu ndi zipatala, ndipo yonseyo mwaloledwa kuyendamo popanda kupempha munthu. Woyamba kumene ayambire kumadzulo, cha ku Mpingu, Namitete, Nsaru, Kabudula mpaka Kasiya. Kumeneko n'kwachidikha, dothi ndi katondo, zitunda n'zochepa, ndipo mukatopa simukhala kutali ndi msewu waukulu. Dzanja likazolowera, lowerani kumwera, Mitundu ndi Malingunde, kumene mchenga ndi timitsinje timayamba kuchuluka. Pambuyo pake Nkhoma, kukhotera pa Kamphata. Kumeneko mupeza miyala ndi zitunda zenizeni. Za ku Dowa ndi Ntchisi zisiyeni kaye. Zotsetsereka zake n'zazitali, miyala yake ndi yogubuduka, ndipo munthu wosadziwa kutsika ndi giya amangofinya buleki yakutsogolo n'kupezeka ali pansi.

Tadala_KTM:
Koma aChiko, imeneyo ndi misewu. Munthu wagula njinga ya m'tchire kuti ayende m'tinjira ta mapazi, m'mapiri, m'mitsinje. Malo ngambwee alipo opanda mwini. Pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM mumakhala kanjira kowongoka makilomita ambiri. M'mbali mwa njanji yochoka ku Kanengo kupita ku Mchinji chimodzimodzi.

Mayi Nabanda:
Apo ndiye ndikana, achimwene. Malo opanda mwini m'Malawi muno mulibe. Alipo a boma, alipo a anthu kapena makampani okhala ndi zikalata, monga maesiteti, ndipo alipo a makolo amene amayang'aniridwa ndi mafumu. Malamulo a malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, sanasiye tchire lililonse lili lokhalokha. Kusowa kwa mpanda sikutanthauza kanthu. Minda ya kumudzi ndi ingati ili ndi mpanda?

Pansi pa mawaya, ESCOM ili ndi ufulu wodutsitsa mawaya ndi kukonza mapolo ake. Ufulu umenewo si wanu. Nthaka ya pansipo kawirikawiri imakhala ikulimidwa ndi eni ake, ndiye mukadutsamo mwadutsa m'munda wa munthu. Za njanji n'zoopsa koposa. Mpata wa m'mbali mwa njanji ndi wa anjanji, ndipo pa milatho kanjira kaja kamatha mwadzidzidzi, munthu n'kuyesedwa kukwera pa njanji penipeni. Wovala chipewa, injini ikulira, samva sitima ikubwera kumbuyo.

Mumzinda muno namonso musanamizidwe ndi mapuloti a tchire a ku Area 43, 47 kapena 49. Ndi a Unduna wa Malo, a Malawi Housing Corporation, a khonsolo ya mzinda kapena a anthu amene sanayambe kumanga. Nkhalango ija ili pakati pa Old Town ndi City Centre, mmene muli Lilongwe Wildlife Centre, ndi yotetezedwa. Ndipo kufupi ndi Kamuzu Palace, Kamuzu Barracks ndi mpanda wa bwalo la ndege ku Lumbadzi musayerekeze n'komwe. Kumeneko mlandu wake si wa atrafiki.

Yamie49:
Nanga Dzalanyama?

Madala Jere:
Dzalanyama ndi nkhalango ya boma, inakhazikitsidwa mu 1922, kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 989, ndipo imayang'aniridwa ndi Dipatimenti ya Nkhalango. Kumvetsa chifukwa chake amailondera kukuthandizani kulankhula nawo bwino. Mtsinje wa Lilongwe umachokera kumeneko, n'kudzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, amene Lilongwe Water Board imatungako madzi a mzinda uno. Makala ataononga kwambiri, mu 2015 boma linatumizako asilikali kukathandiza alonda. Ndiye mlonda akamva njinga ikulira m'kati mwa mitengo, kutali ndi msewu, saganiza zamasewera. Amaganiza za makala ndi matabwa, chifukwa njinga ndi zimene zimatulutsa katunduyo.

Lamulo la nkhalango, Forestry Act ya 1997, limaletsa kudula mitengo, kuyatsa moto, kulambula kapena kukumba njira m'nkhalango ya boma popanda chilolezo, ndipo zilango zake anazikweza mu 2020. Kusadza tinthambi kuti njinga idutse, kapena kutsegula kanjira katsopano kokwera chitunda, zikugwera momwemo.

Ndondomeko yake ndi iyi. Pitani ku ofesi ya nkhalango ya boma la Lilongwe masiku angapo ulendo usanafike, osati kukayambira pageti. Nenani tsiku, njinga zingati, manambala ake, ndi misewu imene mukufuna kudutsa. Funsani mwachindunji ngati njinga zamoto zikuloledwa panthawiyo ndi kuti ndi misewu iti, chifukwa yankho limasintha malinga ndi nyengo ya moto ndi ntchito ya alonda. Akavomera, alembe. Pageti lipirani ndipo mutenge lisiti ya boma. Lisiti yolowera ikukulolani kuyenda m'misewu ya m'nkhalango imene ilipo kale, osati kukwera paliponse pamene tayala lingagwire. Akakana, akana, musakalowere kumbali kudzera m'tinjira ta owotcha makala.

Chinanso chimene ambiri sadziwa: msana wa phiri la Dzalanyama ndiwo malire ndi Mozambique. Kulibe mpanda, kulibe chikwangwani panjira iliyonse. Mukalowera kumadzulo kwambiri mutha kupezeka muli m'dziko la eni ndi njinga yopanda zikalata zodutsira malire. Ikani mapu a OsmAnd kapena Organic Maps mufoni mukadali kunyumba kuti azigwira popanda intaneti, ndipo muziona mzere wa malirewo. Netiweki ya Airtel ndi TNM imasowa m'zigwa zambiri za kumeneko.

Chiko_XR:
Ndionjezere pang'ono, madala. M'nkhalango za miombo choopsa chachikulu si miyala koma zitsa. Odula mitengo amasiya chitsa chofika m'bondo kapena kucheperapo, udzu n'kuchiphimba. Chimamenya phazi kapena chopondera giya, ndipo zala za kuphazi zimathyokera pamenepo. Palinso misampha ya waya ya opha nyama ndi maenje a mauvuni akale a makala, amene pamwamba amaoneka olimba koma pansi ndi phulusa. Zonsezi zili kunja kwa msewu, kumene chilolezo chanu sichifikako.

Madala Jere:
Zoona. Nkhalango zina mwachidule. Thuma ndi Dedza-Salima, kum'mawa uko, muli njovu, ndipo a Wildlife Action Group amagwira ntchito yolondera limodzi ndi boma. Si malo ophunzirira njinga. Kumalo osungira nyama monga Kasungu, kumene anapititsako njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, ndi Nkhotakota, kuli lamulo lina la nyama zakutchire ndipo musawerengereko. Chongoni ku Dedza ili ndi malo 127 a zojambula zakale za pamiyala, amene UNESCO inawalemba m'kaundula wake mu 2006. Misewu ya m'midzi yozungulira, cha ku Linthipe ndi Mphunzi, ndi yabwino kwambiri pa njinga, koma njinga imasiyidwa m'munsi, kumapangako mumakwera wapansi ndi wokulondolerani.

Achimwene a ku Mitundu:
Zonse mwanenazi ndi za boma. Koma tinjira tambiri timene Tadala akufuna tili m'malo a mafumu, ndipo khomo lake ndi la nyakwawa. Si zovuta, kungoti anthu a m'tauni amalakwitsa kalowedwe.

Musapite tsiku lokwera njingalo. Pitani kusanafike, ndi munthu wodziwika m'mudzimo kuti akutsogolereni: mphunzitsi, mlangizi, ngakhale wakabaza wa pamsika wapafupi. Injini izimitsidwe musanafike pabwalo la mfumu, chipewa ndi magalasi zivulidwe, mukhale pansi, moni athe kaye. Nkhani ayambe ndi amene wakubweretsaniyo. Mufotokoze kuti ndinu angati, mudzabwera liti, mudzayamba nthawi yanji ndi kutha nthawi yanji. Kangachepe ka mfumu musaiwale, koma musakapereke ngati mukugula njira.

Kenako mufunse mafunso anayi awa, ndipo musachoke musanayankhidwe: manda ali kuti, dambwe lili mbali iti, nkhalango ya mudzi ndi iti, madimba ayambira pati. Kuno kwa Achewa, kankhalango kowirira ka mitengo yachilengedwe kamene kangotsala kokha pakati pa minda, kawirikawiri ndi manda. Kwa wokwera njinga kamaoneka kokoma, mthunzi ulipo, kanjira kalowamo. Musalowemo. Kumanda n'kumene kumakhala dambwe, ndipo munthu wosalowa gule akapezeka kumeneko mlandu wake ndi waukulu. Kalata ya ofesi iliyonse sikupulumutsani. Mudzalipa mbuzi kapena ndalama pabwalo, ndipo mudziwo sudzalolanso njinga ina.

Nkhalango ya mudzi nayo ili ndi komiti yake yoyang'anira zachilengedwe ndi malamulo ake. Mitengo ing'onoing'ono yongodzalidwa kumene sioneka mu udzu.

Mawu a mfumu akukhudza tinjira ndi malo odyetsera ziweto. Munda wa banja ndi wa banjalo, mfumu singakupatseni. Njira yanu ikadutsa midzi ingapo, pitani kwa gulupu. Mukakhala gulu lalikulu, njinga khumi kapena kuposa, kapena mukafuna kuchita ngati mpikisano, nkhaniyo ifike kwa Gogo Chalo a deralo ndi kupolisi yapafupi.

Tadala_KTM:
Mfumu ikavomera pakamwa sizokwanira? Zolembalemba zimaopseza anthu kumudzi, amayamba kuganiza kuti mukufuna kulanda malo.

Achimwene a ku Mitundu:
Mantha amenewo ndi enieni, n'chifukwa chake kalatayo ilembedwe ndi iwo, osati mubwere nayo yotayipa kale m'Chingerezi. Mafumu ali ndi zidindo ndipo amalemba makalata tsiku ndi tsiku. Mizere isanu m'Chichewa ndi yokwana. Phindu lake limaoneka mukakumana ndi achinyamata a chitetezo cha m'mudzi makilomita atatu kuchokera kwa mfumu, amene sanamve kanthu za inu.

Mayi Nabanda:
Ndikugwirizana nazo. Kwa mwini munda kapena mwini esiteti kalatayo inene izi: dzina la mwini malo ndi la wopempha, malo ake ndi malire ake, masiku ndi maola, njinga zingati, kuti chilolezocho n'chokwera njinga basi ndipo sichipereka ufulu uliwonse pa nthakayo, kuti mwini malo atha kuchithetsa nthawi iliyonse, ndi amene adzalipire mbewu, mpanda kapena chiweto chikaonongeka. Mawu oti simukutenga ufulu pa nthaka ndi amene amachotsa mantha amene Tadala akunena. Pa esiteti onetsetsani kuti wosayina ndi mwini kapena manijala. Mlonda wa pageti kapena kapitawo alibe mphamvu imeneyo, ngakhale atalandira ya sopo.

Malo a Bunda ndi a LUANAR, minda ya ku Chitedze ndi ya kafukufuku wa boma, malo a mishoni ku Nkhoma ali pansi pa Sinodi ya Nkhoma ya CCAP. Onsewa ali ndi ofesi yofunsako. Munda wa kafukufuku ukhoza kuoneka ngati tsala, koma mzere umodzi woponderezedwa ndi tayala waononga ntchito ya chaka.

Yamie49:
Ndiye mnzanga wa YZ uja akwera kuti?

A Phiri a ku Biwi:
Pa malo a munthu okhaokha, ndi chilolezo cholembedwa chija. Ndipo kunena zoona, nonse awiri muyambire pomwepo, chifukwa msewu si pophunzirira. Pezani malo a mamita 50 m'lifupi, 100 m'litali, theka la hekitala, afulati, opanda zitsa. Yendanimo wapansi kaye, muchotse miyala ndi mawaya, muone maenje. Nthawi ya chilimwe anyamata amakumba mbewa m'minda, ndipo dzenje la mbewa limameza tayala lakutsogolo. Ikani mabotolo amadzi asanu ndi limodzi motalikirana mamita anayi, muzizungulira pa giya yoyamba. Kenako nambala 8, mutakhala, kenako mutaimirira pa zopondera, mawondo opinda pang'ono, zigongono zili m'mwamba, maso patsogolo osati pa tayala. Mukatero buleki: thamangani pa giya yachiwiri, muime ndi yakumbuyo yokha mpaka tayala likhukhuluzike kuti mudziwe mmene zimamvekera, kenako yakutsogolo ndi chala chimodzi kapena ziwiri, kufinya pang'onopang'ono. Ogwa ambiri pa fumbi amagwa chifukwa chogwira buleki yakutsogolo mwadzidzidzi ali pokhota.

YZ si njinga ya wophunzira, pepani. Giya yoyamba ndi yaitali, imazima msanga mukayenda pang'onopang'ono, ndipo ilibe fani, ndiye m'tinjira topapatiza madzi a mu radiyeta amawira. Komanso mnzanuyo afufuze kuti njingayo inalowa bwanji m'dziko muno. Ngakhale ili pa pikapu, pa rodibuloko atha kufunsa zikalata za MRA ndi umboni wa umwini. Nambala ya chasisi ili pakhosi pa chiwongolero, ya injini ili pa injini. Zifanane ndi za papepala. Zikakhala zopalidwa, njingayo ndi mlandu woyenda.

Chiko_XR:
Malo ophunzirira otere amapezeka mosavuta pakati pa June ndi September, anthu atakolola. Koma si munda uliwonse wokololedwa umene uli wopanda ntchito. Alimi a mtayakhasu amayala mapesi dala kuti aphimbe nthaka, mukawamwaza mwawabwezera m'mbuyo. Mbatata ndi chinangwa zimakhala zikadali m'nthaka. M'madambo ndi mmene muli madimba a tomato, kabichi ndi chimanga cha mondokwa, ndipo kuyambira August mpaka October mumakhala nazale za fodya. Kufika October anthu ayamba kugalauza, mizere yatsopano isapondedwe.

Bwalo la mpira la pasukulu limathandiza pa tsiku loyamba, ngati ahedi ndi komiti ya sukulu avomera, Loweruka kapena pa holide. Matayala a zigoba amakumba bwalo, ndiye musapotoze mafuta pokhota. Maenje amene makontilakita anakumbamo dothi la msewu amakopa chifukwa ali ndi zitunda zokonzeka kale, koma nawonso ali ndi eni, makoma ake amagumuka, ndipo mvula ikagwa simungadziwe kuya kwa madzi ake.

Madala Jere:
Pa nyengo ndikhazikikepo pang'ono chifukwa ndi imene imathetsa zilolezo zambiri. Kuyambira December mpaka March, katondo akanyowa amaterera ngati therere, ndipo makande a m'dambo amamatirira pakati pa tayala ndi madigadi mpaka gudumu kuima. Vuto lalikulu ndi la eni njira. Tayala la zigoba likazungulira pamalo amodzi pachitunda chonyowa limasiya kangalande, madzi a mvula yotsatira amatsata momwemo, ndipo pakutha kwa dzinja pali chigwembe pamene pamadutsa ngolo ndi odwala opita kuchipatala. Mudzi suiwala amene anayambitsa. Nthawi imeneyo khalani m'misewu ya gelevulo, tinjira tisiyeni tiume.

Kuyambira August mpaka mvula yoyamba, vuto ndi moto. Udzu wouma umakola pakati pa injini ndi chitsulo chotchinga pansi, kapena pa paipi ya ekizozi, n'kuyamba kufuka. Mukaima, imani pa dothi, osati pa udzu wautali, ndipo muchotse zinyalala zimenezo. Amene anachotsa za m'kati mwa sayilensa kuti njinga izilira kwambiri abwezeretse. Imalavula tinthethe ta moto, ndipo phokoso lake ndi limene limafikitsa madandaulo kwa mfumu inu musanabwerere n'komwe. Miyezi yabwino koposa ndi May, June ndi July: nthaka yauma koma sinasanduke fumbi lokhalokha, mitsinje yaphwa, kunja kukuzizira.

Achimwene a ku Mitundu:
Ngakhale muli ndi chilolezo, m'mudzi muli malamulo osalembedwa. Pakati pa nyumba yendani pa giya yachiwiri, osapitirira makilomita 20 pa ola. Ana amathamangira kumene kukumveka njinga, sathawa. Pa mjigo ndi poyanika ufa chepetsani fumbi. Mukakumana ndi ngolo panjira yopapatiza, patukani muzimitse injini. Ng'ombe zikadzidzimuka ngolo imagubuduzika ndi katundu ndi mwana woyendetsayo. Mukaona masamba atayalidwa pamsewu, pali maliro. Chepetsani liwiro mpaka ngati woyenda pansi, osaimba hutala, ndipo ngati anthu ali panjira pomwepo tsikani mukankhe mpaka mutadutsa masamba a mbali inayo. Chilimwe ndi nthawinso ya gule, pa ziliza ndi pa zinamwali. Mukakumana ndi zilombo panjira, imani pambali, zimitsani injini, foni isatuluke. Kandalama kamaikidwa pansi, sikaperekedwa m'manja. Zikadutsa, inunso dutsani.

Ndipo lembani wakabaza wa komweko kuti azitsogola pa ulendo woyamba. Mumulipire tsiku lonse ndi mafuta ake. Amadziwa mlatho wa mitengo umene unathyoka ndi mudzi umene kuli zovuta lero.

Yamie49:
Nanga zikavuta, ndagunda mbuzi kapena munthu?

Mayi Nabanda:
Chiweto, imani, funsani mwini wake, nkhani ikambidwe pamaso pa nyakwawa kuti mtengo usakwere ndi mkwiyo, ndipo zimene mwalipira zilembedwe. Kuthawa n'kopanda nzeru, njinga za mtundu umenewu n'zowerengeka ndipo aliyense waiona. Munthu akavulala, lamulo likuti muime, muthandize, ndipo mukanene kupolisi pasanathe maola 24. Gulu likayamba kuopsa, pitani molunjika kupolisi yapafupi, osati kunyumba. Dziwiranitu chipatala cha mbali imene mukupita: Nkhoma, St Gabriel's ku Namitete, Likuni, Mitundu. Zothyoka zikuluzikulu zimathera ku Kamuzu Central. Werenganinso pepala la inshulansi. Ambiri salipira ngozi ya pa mpikisano, ndipo third party sikulipirirani inuyo kapena njinga yanu.

A Phiri a ku Biwi:
Za njinga yeniyeniyo musananyamuke. Mpweya wa matayala pa tala ndi wolembedwa pa njingapo, koma pa fumbi ndi mchenga mumatsitsa kuti tayala ligwire. Njinga zokhala ndi rim lock, kachitsulo kopanikiza tayala ku limu, zimayenda pa 12 mpaka 15 psi. XR yanu onani ngati ili nako. Ngati palibe, musatsike pansi pa 18, chifukwa tayala limazungulira pa limu n'kukoka chubu mpaka valavu kuzuka, ndipo chubu chozuka valavu sichimatika. Kanati ka pa valavu musakamange mpaka pa limu. Kasiyeni m'mwamba kuti valavu ikayamba kupendama muione. Chubu chochindikala cha mamilimita 3 kapena 4 chimapirira minga ya mthethe ndi kupanidwa pa miyala. Mukabwerera pa tala, popani.

Fyuluta ya mpweya ndi imene imapha injini nyengo ya fumbi. Ya siponji, ngati ya YZ ndi DT, ichapidwe, iume, ipakidwe oyilo wake n'kufinyidwa osapotokola, pakatha ulendo uliwonse wa fumbi, makamaka kwa amene amayenda kumbuyo kwa mnzake. Ya pepala sichapidwa, imasinthidwa. Tcheni chikhale ndi mpata umene buku lanena. Chokoka kwambiri chimadya mabeyaringi pamene shoko yapindika. Gogodani masipoko ndi sipanala, yolira mogonthera ndi yomasuka.

Petulo wathu ndi wosakaniza ndi ethanol, ndipo amakoka chinyezi akakhalitsa. Njinga ikakhala milungu ingapo osayenda, tsekani kampopi ka mafuta mukhuthule kabureta, apo ayi jeti yaing'ono imatsekeka ndipo njinga imangozima mukasiya mafuta. Wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu mupeweni. Muzibwerera thanki isanafike theka. Amene ali ndi thu sitiroko yosakaniza okha, 40:1 ndi mamililita 25 a oyilo pa lita, 50:1 ndi mamililita 20. DT125 ili ndi pampu yake, ingoonani kuti kathanki ka oyilo kali kodzaza.

M'chikwama: chubu cha mainchesi ofanana ndi tayala lakutsogolo, poti chimalowanso kumbuyo mongoyembekezera, zitsulo ziwiri kapena zitatu zochotsera tayala, pampu, zigamba ndi guluu, pulagi ndi sipanala yake, cholumikizira tcheni, liva ya klatchi yapadera, waya, chingwe chokokera cha mamita anayi, madzi malita awiri pa munthu. Nsapato zikhale zophimba akakolo ndi msongolo. Zovala za manja aatali. Chitedze cha m'mphepete mwa mitsinje sichiona kuti muli ndi kalata ya mfumu.

Tadala_KTM:
Chabwino, za njanji ndasiya. Koma mapu a tinjira timeneti tiwapeza kuti? Google Maps imangoonetsa misewu ikuluikulu.

Chiko_XR:
Yang'anani zithunzi za m'mwamba pa Google Earth, tinjira ta mapazi timaoneka ngati timizere toyera, manda ngati timadontho tobiriwira kwambiri pakati pa minda, madambo ngati mikwingwirima yotuwa yopanda nyumba. Jambulani njira yanu pamenepo, muisunge ngati fayilo ya KML, muilowetse mu OsmAnd. Mapu a 1:50,000 a Dipatimenti ya Surveys ndi akale koma amaonetsa malire a nkhalango za boma ndi kutsetsereka kwa mapiri bwino kuposa foni. Mapuwo angokuuzani kumene njira ili, osati ngati mwaloledwa, ndiye njira yojambulayo ndi imene mupite nayo kwa nyakwawa kuti akuchotsereni zosayenera. Yoyamba isapitirire makilomita 30 kapena 40, ikhale yozungulira, yodutsa pamsika umodzi osachepera. Ndipo fayilo ya njira yodutsa pa malo a munthu musaimwaze pagulu. Chilolezo anapatsa inu, osati aliyense amene angaitsitse.

Yamie49:
Ndamva. Ndiyamba ndi Code A ndi COF, kenako ndifufuze munda cha ku Mpingu. Funso lomaliza: laisensi yophunzirira ikundilola kuyenda ndekha m'misewu yafumbiyo?

Mayi Nabanda:
Ili ndi malire ake, ndipo adzakufotokozerani poitenga. Funsani makamaka za kunyamula munthu kumbuyo. Muziyenda nayo m'thumba pamodzi ndi mapepala a njinga, mu pulasitiki chifukwa cha thukuta ndi mitsinje. COF musanapite nayo, a Phiri aione kaye nyali ya buleki ndi maindiketa, chifukwa pa njinga zoyenda m'fumbi kaswitchi ka buleki yakumbuyo ndi kamene kamayamba kufa.

A Phiri a ku Biwi:
Bwerani nayo m'mawa, magalasi onse awiri ali pomwepo. Ngati munaika kale matayala a zigoba, onani m'mbali mwake. Olembedwa NHS kapena Not for Highway Use si a pamsewu, ndipo amenewo musapite nawo kokayezetsa.